Ababa Pamwamba pa Matumba

Lolemba

Ndili pamudzi, holide yayamba. Kuzizira kwa kuno ku Ntchisi sikusamala kuti munthu wachokera ku yunivesite, kukungoluma ngati kale.

Aphunzitsi athu a phunziro la kutsatsa malonda atipatsa ntchito ya pa holide: usankhe katundu weniweni, umutsatse sabata imodzi, ukabwerera ukafotokoze zomwe zachitika. Anzanga a m'tauni akutsatsa makeke ndi masaluni a azakhali awo. Ine ndili ndi katundu wooneka ndi maso, mtedza wa Ababa.

Chaka chino mtedza wachita bwino zedi. Matumba adzaza chipinda changa, moti ndikugona chopinda miyendo pakona ngati mlendo. Aliyense m'nyumba muno akudziwa kuti matumba amenewa ndi fizi yanga. Akagulidwa bwino ndibwerera kusukulu. Akapanda kugulidwa ndikhala pano, n'kumaswa mtedza wa anthu ena.

Vuto ndi Ababa. Munthu wolima chonchi, koma ukawamva akuyankha anthu pamsewu ungawagawire ufa. "Aa, chaka chino tangovutikapo chabe. Tapeza tokazingira ana basi." Matumbawa anabwera nawo pangolo atawafunditsa mapesi, ng'ombe zawo ziwiri, Sitima ndi Bulaki, zikukoka malilime ali kunja, iwo akuuza aliyense kuti ndi chakudya cha ng'ombe. Zaka zonse amakagulitsa mobisa kwa mavenda a pa Malomo, a masikelo aja amene amayamba kuwerenga thumba litafika kale pakati.

Zimenezo zatha. Mwana wawo wamkazi akuphunzira maketing'i! Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Dongosolo langa:
— chithunzi cha Ababa ali ndi katundu wawo
— mapepala otsatsira osindikiza pamakina, osati zolemba ndi makala
— wogula wamkulu wa ku Lilongwe abwere yekha ndi lole pakhomo pano
— mavenda alire

Ababa akana chithunzi kwamtuwagalu. Ndawauza kuti ndi ntchito ya kusukulu, ndikapanda kuichita ndilephera mayeso. Alowa kuchipinda, atuluka atavala jekete ya kutchalitchi ndi tayi. Akwera okha pamwamba pa matumba, mutu kutsala pang'ono kugunda malata, akhala ngati nduna. Chithunzi chatuluka bwino kwabasi!

Amayi angoima pakhomo manja ali m'chiuno. "Iii, kaya." Amayi sanaphunzire maketing'i.

Lachiwiri

Pa Malomo m'mamawa. Mapepala atuluka, ndipo ndikawayang'ana ndikudziopa ndekha. Pamwamba: MTEDZA WOGULITSA! Pakati: Ababa. Pansi: "Chalimbana weniweni, wouma bwino, ulipo wambirimbiri kwa a Mwale," ndi nambala ya foni yanga. Mawu oti "wambirimbiri" ndawaika dala. Wogula wa lole safuna kumva za tokazingira ana.

Ndamata pachigayo, pasitolo ya feteleza, pamtengo wa pasiteji ndi pampanda wa chipatala. Ndatumizanso pa gulu la pafoni la amayi a chigwirizano kudzera pafoni ya Amayi, iwo ali kudimba. Kondakitala wina wavomera kumata pepala limodzi pa galasi lakumbuyo la minibasi yake. Chikwangwani choyenda chokha, cha ulere! Izi ngakhale aphunzitsi athu sanaziganizepo.

Pobwerera ndapeza anthu ataunjikana pachigayo. Gogo wina wayandikiza nkhope papepala mpaka mphuno kukhudza. "Si a Mwale awa? Omwe aja amati chiswe chawathera mtedza?" Anthu aseka. Ine ndadutsa khosi lili m'mwamba. Malonda ndi m'maso.

Madzulo Ababa abwera kuchokera kodyetsa ng'ombe akuyenda mwachilendo. Akuti anyamata a kabaza awapatsa moni woti "bwana". Anena izi modandaula, koma pepala limene ndawasungira alipempha, alipinda bwinobwino, aliika m'Baibulo.

Lachitatu

Kasitomala woyamba!

Pepani, si kasitomala. Ndi azakhali a ku Nachisaka, mlongo wawo wa Ababa. Atsika pa njinga yamoto, thumba lopanda kanthu atalipinda m'khwapa. Moni wake wautali, wofunsa mpaka nkhuku. Kenako: "Achimwene, mwezi watha munandiuza kuti mwakolola zomvetsa chisoni, ine mpaka kukupemphererani. Dzulo ndikukuonani kumbuyo kwa minibasi mutakhala paphiri, tayi ali pakhosi."

Ababa ayang'ana pansi, ayang'ana ine, ayang'ana kukhola.

Ndayesa kulowererapo mwaulemu kuti, azakhali, papepalapo palembedwa kuti wogulitsa. Andiyang'ana kuyambira kunsapato. "Ine ndi mlendo pakhomo pano kuti ndizigula?" Kenako atchula ana awo mmodzimmodzi, wodwala, wa kusekondale, wosiyidwa ndi mwamuna. Ababa ndiwo malume wa ana onsewo, mwini mbumba, ndipo malume amene wakhala pamwamba pa matumba pamaso pa boma lonse la Dowa sanganene kuti alibe.

Thumba limodzi lakwera njinga yamoto. La azakhali lopanda kanthu lija nalonso lapita litakhuta.

Sindikudandaula. Taganizani, pepala ndamata dzulo, lero lafika kale ku Nachisaka! Kusukulu amati uthenga ukafika kutali ndiye kuti wotsatsa akudziwa ntchito. Ndalemba mu lipoti langa kuti chidwi cha anthu n'chachikulu.

Amayi sakundiyankhula kwenikweni. Apha nkhuku ya azakhali, ine andipatsa khosi.

Lachinayi

Pakhomo pano lero ngati pachipatala.

Abwera:
— ana awiri a mlongo wina wa Ababa, mmodzi ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa
— nthumwi za maliro a kutsidya, akuti chipepeso cha munthu wotchuka sichikhala cha m'mbale
— mayi wina amene mwamuna wake anali tenanti pa esiteti ya fodya, akuti Ababa anawalonjeza mbewu kalekale
— bambo wa chipewa choluka amene palibe akumudziwa, koma akuitana Amayi kuti mlamu ndipo akudziwa kumene timasunga mipando

Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa mtengo. Mawu oti WOGULITSA ndinawalemba akuluakulu ngati dzina la sitolo, koma anthu akungoona chithunzi. Mayi mmodzi wabwera ndi pepalalo m'manja ngati tikiti.

Ababa akamva "odi" amayamba aima kaye pakhomo la chipinda changa, kupuma mozama, kenako n'kulowa. Aliyense akutuluka ndi kanthu, wina ndowa, wina theka la thumba, wa chinkhoswe thumba lathunthu. Kupatsa n'kuika, inde, koma ife tikuika kwa anthu ambiri nthawi imodzi.

Masana ndathamangira pa Malomo kukamatula mapepala. La pachigayo ndachotsa, la pasiteji wina watenga kale. La paminibasi ndiye iwalani, akuti galimotoyo yasintha msewu, tsopano ikuyenda wa ku Mvera. Ku Mvera kuli abale a Amayi.

Koma tamverani izi! Ndili m'njira, foni yalira. Mawu a munthu wonenepa, wa ku Lilongwe, wogula mbewu zambiri. Chithunzi wachiona pafoni ya mkazi wake. "Ngati katundu ali monga pachithunzipa, ndibwera Loweruka ndi lole." Ndayankha ndi mawu a muofesi. Ndavina ndekha pamsewu, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ndinanena ine! Maketing'i si masewera.

Lachisanu

Tingopirira mpaka mawa basi. Ndauza Amayi kuti aliyense wobwera lero auzidwe kuti Ababa apita kumaliro. Amayi avomera msanga, koyamba sabata ino kugwirizana nane.

Zayenda bwino mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenako pabwera akulu a mpingo atatu, majekete akuda, Mabaibulo m'manja. Amenewa sungawanamize za maliro chifukwa maliro onse amayendetsa ndi iwo. Ababa atuluka okha kuseri kwa khola kumene amabisala, udzu uli paphewa.

Nkhani yake: Lamulungu lino ndi la masika, tsiku limene aliyense amabweretsa kutchalitchi gawo la zokolola zake. Chaka chatha Ababa anapereka beseni limodzi, akuti mvula inawavuta. Mkulu wa mpingo mmodzi watulutsa foni, watambasula chithunzi ndi zala mpaka tayi wa Ababa kudzaza galasi lonse. "Ambuye akukumbukirani chaka chino, a Mwale. Tangobwera kudzakondwera nanu." Apemphera pemphero lalitali lothokoza chifukwa cha matumba, ndipo ine ndatsegula diso limodzi n'kuona wina akuyang'ana kuchipinda changa.

Atachoka, Ababa apatula matumba a Mulungu n'kuwaika pabalaza. Amenewo sakhudzidwanso.

Abale a ku Mvera afika chakumadzulo. Za iwo sindilemba, dzanja latopa.

Chipinda changa chayamba kumveka mawu ukayankhula. Walira mvula walira matope. Komabe kunena zoona, ndani wina m'kalasi mwathu amene malonda ake akopa anthu a maboma awiri ndi mpingo womwe?

Loweruka

Lole yabwera! Yakwera chitunda chathu ikulira, fumbi kobo, mudzi wonse uli pambuyo. Ndavala bulauzi yoyera ndi nsapato zogogoda. Wogula watsika, mimba patsogolo, foni m'manja.

Ndamulowetsa kuchipinda. Wayang'ana matumba amene atsala pakona paja ndimagona. Wayang'ana chithunzi. Wayang'ananso pakona. "Mayi, ena ali kuti?" Ndayamba kufotokoza ndi Chingerezi chonse chimene ndili nacho, iye wangokanda chibwano. Akuti mtedzawo ndi wabwino, wasweka bwino m'kamwa, koma wochepa chonchi sungabweze ngakhale mafuta a lole. Akuti tikakhala ndi wambiri tidzamuimbire.

Ndiye Ababa, poti munthu wachokera kutali ndipo ndi mlendo, amuthirira mtedza m'jumbo kuti azikatafuna m'njira. Wogula yekhayo wa sabata yonse, nayenso wapita ndi wa ulere!

Lole itazimiririka ndalephera kudzigwira. Ndawatsatira Ababa kukhola, misozi ili m'maso, ndawafunsa chifukwa chake sanakane ngakhale munthu mmodzi. Akanatha kunena kuti matumbawo anali obwereka pojambulitsa, kapena kuti ena munali mapesi. Kunama za mtedza amadziwa, achita zimenezo moyo wawo wonse.

Akanda Sitima pakati pa nyanga. Kenako ayankha osandiyang'ana. "Pamene ndimati ndilibe, wabodza ndimakhala ine, ndipo anthu anazolowera. Koma pepala lija walemba ndiwe. Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti mwana wanga wa ku yunivesite walemba bodza?"

Za zimenezi kusukulu sitinafikepo.

Lamulungu

Masika. Ngolo yanyamula matumba a Mulungu masanasana, popanda phesi ndi limodzi lomwe pamwamba. Ababa ali kutsogolo ndi jekete ija. Ena abwera ndi maungu, nkhuku, mitolo ya nzimbe, timabeseni ta chimanga, aliyense akunong'oneza mnzake kuti chaka chino sizinayende. Matumba athu atalowa, amayi a chigwirizano aimba nthungululu mpaka abusa kudikira.

Ababa awakhazika kutsogolo. Atapatsidwa mpata woti anenepo mawu, sanatchule mtedza. Aloza ine. "Uyo ndi mwana wanga, amaphunzira zotsatsa malonda. Amene mwaona chithunzi changa, ntchito yake ndi imeneyo." Tchalitchi chonse chatembenuka. Ndaimirira, ndagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndipo ndisaname, ndamva kukoma. Kenako ndakhala pansi msanga.

Kunyumba, chipinda changa ndi changa tsopano, ndikhoza kutambasula miyendo mbali iliyonse. Mtedza wotsala Amayi autsekera kuchipinda kwawo, akuti ndi mbewu, ndipo kiyi ali pa mfundo ya chitenje. Pepala lija Ababa alichotsa m'Baibulo, alimata pabalaza pambali pa kalendala.

Lipoti langa ndalimaliza. Uthenga unafika kutali: inde. Anthu anabwera: ochuluka. Katundu anatha: pafupifupi yense. Ogula: palibe. Aphunzitsi akaone okha kuti apereka malikisi anji.

Za fizi sindinafunse, ndimaopa. Ndimati mwina ndiyambe kuzolowera zoswa mtedza. Koma dzuwa likupendeka ndaona Ababa kukhola akutsuka Sitima ndi madzi a m'ndowa, akumupukuta ndi chiguduli, akumuyankhula motsitsa monga amachitira. Chingwe chatsopano chili pamtengo. Ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi, zimenezo ngakhale ine wa maketing'i ndikudziwa.

Andiona nditaima. "Mawa ndilawirira naye kumsika wa ng'ombe. Iwe konza zovala zako za kusukulu." Ndatsegula pakamwa, akweza dzanja. "Koma uyu usamujambule."

Foni ndaibweza m'thumba. Mawa ndiwaperekeza mpaka pamsewu, ndipo wina akafunsa ndidzati tikupita naye kudibi.