Mlonda wa Tulo ta Amuna Anga

Lolemba
Pulasitala achotsa, koma mwendo wa bambo a Esinati wauma ngati chikuni. Adokotala a mafizo akuti: "Aziyenda m'mawa ndi madzulo, masana azigona. Mnofu umachira munthu ali m'tulo. Apo ayi, njinga aiwale." Njingayo ndiyo imatidyetsa, tomato sadziyendera yekha kupita ku Mbulumbuzi. Ndiye kuyambira lero ndine mlonda wa tulo. Tambala kwa achemwali. Wailesi m'dengu. Ana panja. Mkazi wadongosolo ndine!

Lachiwiri
Kuyenda akukana. "Mawa, mayi." Kugona kokha akukhoza, mpaka odi! Apongozi ochokera ku Namitambo. "Munthu kugona dzuwa lili paliwombo? Tam'dzutsani timuone ngati akupuma." Wodzazonda matenda sabwezedwa. Ndawadzutsa.

Lachitatu
Amayi a mphakati. Nyimbo, kolona, nyimbonso. Odwala akusinza, mutu ukugwera pachifuwa. Amayi akuti, "Taonani, akuvomera mawu!" Thobwa lonse latha.

Lachinayi
Nzeru zatsopano: chitseko chotseka, mawindo otseka, tonse zii. Anthu aona zii, mbiri yafika kumsika kuti kuno zavuta. Akubwera akulira. Wina wasenza ndi nkhuni zomwe!

Lachisanu
Odzapepesa za dzulo, ochuluka kuposa adzulowo. Maso a amuna anga ali psuu, mwendo watupa. Ndalira kuseri kwa nkhokwe. Ndikuopa kuti njinga ija ichita dzimbiri ili pakhoma.

Loweruka
Anzawo a pamsika, ndi bawo lawo. Ndikuchokera kumjigo, anthu ali pakhonde akukangana za masewera, mphasa ya odwala ili yokha. Ndodo yawo yoyendera palibe! Kuchimbudzi kulibe. Kwa achemwali kulibe. Ndikuwapeza kutsidya kwa khwawa, m'munda wa nandolo, chipewa kumaso, akuliza mkonono. Afika okha! Munthu wokana kufika ngakhale pankhokwe! Ndakhala pambali, ndikuingitsa ntchentche, mtima uli mbee.

Lamulungu
Ulonda wandikanika, ndavomera. Tambala wabwerera, wailesi ikulira. Akangomva odi, bambo a Esinati akutola ndodo, ulendo wa kunandolo, ndipo lero sakutsimphina kwambiri. Alendo ndikuwayalira mphasa, ndikuti odwala apita ku mafizo. Apongozi akufunsa mankhwala amene awayendetsa msanga chonchi. Ndawayankha mwaulemu: "Muzingobwerabe kudzazonda, amayi."