Foto ya Amayi ya pa Chiliza

Lolemba

Lamulungu likubwerali tikudalitsa chiliza cha amayi, chaka chakwana chimwalirireni. Ntchito tagawana kale: achimwene a ku Domwe simenti ndi mmisiri, achemwali zophika, ine foto yoti akaiwotche pa tayilosi n'kuimata pamwalapo. Andipatsa ine chifukwa ndimagwira ku sekretariya ya sukulu, ndipo kwathu kuno aliyense wokhala pafupi ndi kompyuta amatengedwa ngati anaipanga yekha.

Foto ya amayi ndili nayo imodzi yokha, m'foni mwangamu. Ndinawajambula tsiku la ubatizo wa mwana wanga, m'tchalitchi ku Fonte Boa, kunja kukuvumba mvula. Mdima wokhawokha. Nkhope yonse ili timadontho, ngati wina anawawaza gaga.

Mnzanga wa kuntchito wandionetsa pulogalamu yochotsa timadontho totere. Ndaiika m'foni. Mamega a intaneti atha theka, koma palibe kanthu. Achibale aona kuti sukulu sindinapitire masewera.

Lachiwiri

Pulogalamuyi ili ndi kamzere kokoka ndi chala, kuyambira 0 mpaka 100.

Pa 30: timadontho tachepa, amayi akuoneka bwinobwino.
Pa 60: khoma la tchalitchi lasalala.
Pa 100: amayi awala!

Munthu wanzeru akanaima pa 30. Ine ndati amayi anga sindingawachitire zatheka, ndakoka mpaka kumapeto. Kenako ndabwerezanso kawiri, kuti zikhazikike.

Zachoka: timadontho, makwinya a pamphumi, maluwa a pa duku, ndi theka la korona amene anali m'khosi.

Foni yandifunsa m'Chipwitikizi ngati foto yatsopanoyi ilowe m'malo mwa yakale. Ndadina Sim, ndiye kuti inde, osawerenga n'komwe, monga ndimadindira mapepala a ana asukulu. Ndatumiza kwa mkulu wowotcha matayilosi ku vila, tauni ya Ulongwe. Wayankha msanga, mpaka kunditchula bwana m'Chipwitikizi: "Yoyera bwino, patarawu. Zoterezi ndiye timafuna." Tsiku lonse ndayenda chifuwa chili patsogolo.

Lachitatu

Ndaonetsa mayi akunyumba, ine chilili kudikira kuyamikiridwa. Ayang'ana. Ayandikiza foni kumaso, aitalikitsa, aipendeka.

"Nanga mphini za apongozi zili kuti?"

Amayi anali ndi mphini kumaso, zija ankatema atsikana akale kuti akongole. Anthu onse kuno ankawadziwira zomwezo. Munthu akasokera pofuna kwathu ankangoti kwa amayi a mphini aja, ndipo aliyense ankamulozera njira. Pulogalamu yaziona ngati litsiro, yasesa pamodzi ndi timadontho tonse.

Zimene ndayesa:
kubweza m'mbuyo
kuzimitsa foni n'kuiyatsanso
kutulutsa kakhadi n'kukauzira mpweya
kuifunsa bwinobwino
kuitukwana

Foto yakale kulibe. Amene ali m'fonimu ndi mtsikana wa masaya osalala, wovala duku ya amayi anga.

Lachinayi

Ndakumbukira kuti tsiku la ubatizo lomwelo foto ija ndinawatumizira achimwene. Ndaimba ku Domwe. Akuti anaifufuta kalekale chifukwa foni inadzaza. Inadzaza ndi chiyani? Mafoto a mbatatesi, otumizira ogula a ku Malawi. Matumba ataima, matumba atagona, mbatatesi imodzi itaikidwa pambali pa bokosi la machesi kuti aone kukula kwake. Ndinafuna kuwadzudzula, koma ndilibe pakamwa. Iwo anafufuta amayi chifukwa cha malonda, ine chifukwa cha matama.

Achemwali ali ndi bilyeti ya amayi, chiphaso chija cha boma. Ndapalasa njinga kukaiona. Inachapidwa kangapo ili m'thumba la andiloko, moti kankhope kake kangotsala chimthunzi. Akhoza kukhala amayi, akhoza kukhala wina aliyense wa m'boma la Angonia.

Ndaimbira mkulu wa ku vila kuti aimitse kaye. "Tawotcha kale, patarawu. Anthu akuima pakhomo kufunsa kuti mtsikanayu wamwalira ndi chiyani."

Lachisanu

Mnzanga uja akuti pulogalamu yomweyo ili ndi batani lobwezera timadontho. Ndalipeza, ndadina. Labwezadi, koma silisankha. Madontho pamasaya, pamano, pakhoma, ndi pamkono wa munthu amene anaima pambali. Amayi akuoneka ngati akudwala chikuku. Ndafufuta msanga.

Nzeru ina: kugula utoto wakuda ndi kulemba mphini pa tayilosi ndi dzanja. Ndasindikiza fotoyo papepala kuntchito kuti ndiyeserere kaye. Ndatenga kaneta, cholembera changa, ndaika pa tsaya, dzanja laima.

Zinali zingati? Zoimirira kapena zogona? Pansi pa diso kapena pafupi ndi khutu?

Achimwene akuti zitatu mbali iliyonse. Achemwali akuti zinayi, ndipo zina zinali pamphumi. Mayi akunyumba akuti iwo apongozi sankawayang'anitsitsa kumaso, ulemu sunkalola. Ine ndatsinzina kuti ndiwaone amayi, ndipo ikubwera ndi nkhope yosalala ija. Apa ndiye ndachita mantha enieni. Ndakhala pampando wa kuntchito mpaka belu kulira, pepala lilibe mphini n'imodzi yomwe.

Loweruka

Tayilosi yafika pa shapa, minibasi ya m'mawa, yokulungidwa m'makatoni. Kunena zoona ndi ntchito yabwino. Yonyezimira, dzina lolondola, kamtanda pamwamba.

Mmisiri waiyang'ana n'kufunsa achimwene ngati sanasokoneze manda. Achimwene angoti, "Matani, anzathu ophunzira ndiwo akudziwa." Mawu amenewo andilowa mpaka m'mafupa.

Mayi wina wa m'kwaya, mnzawo wa amayi, wadutsa ndi nkhuni. Waima, watula mtolo, wawerenga dzina kawiri. "Kani kumwamba amabwezera utsikana," watero, n'kusenzanso nkhuni zake.

Ndimafuna kunena kuti tiisiye, timate mtanda wokha. Koma alendo afika kale, mbuzi yaphedwa, ndipo mwala uli ndi malo ake a foto, osema kale. Ndagwirizira ndekha tayilosi pamene mmisiri amapaka simenti.

Lamulungu

Misa yatha bwino. Bambo mfumu awaza madzi odalitsa, kwaya yaimba, anthu adya.

Mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, afika kuchokera ku Lifidzi pa njinga yamoto. Iwo alibe mphini, anakulira kwa masisitere. Anthu atabalalika andigwira dzanja kuti ndiwaperekeze kumanda. Agwada pachiliza, apukuta foto ndi nsonga ya chitenje, ayendetsa chala pa tsaya losalalalo ngati akufuna chinthu chimene chagwa.

"Tsiku limene ankawatema ine ndinalipo, ndinawagwira mutu. Magazi mpaka m'khosi, koma osalira. Ankati akufuna kuti anthu aziwadziwa."

Ndawauza zonse, za pulogalamu, za 100, za Sim. Sanamve n'chimodzi chomwe, ndipo sanakalipe. Ndiye ndalimba mtima, ndawafunsa kuti mphinizo zinali zingati.



"Iwe mwana wa akulu anga, zaka makumi anayi zonsezi unkayang'ana chiyani?"

Ndagwira m'mphepete mwa tayilosi kuti mwina igwedera. Simenti yauma.