Nkhoswe ya mchira

M'banja lililonse muli nkhani imene anthu anagwirizana kuti asamaitchule mwiniwake ali pomwepo. Kwathu mwini nkhaniyo ndine.

Ndili mnyamata ndinkakonda gemu ina ya pa vidiyo imene tinkasewera m'kachipinda kena kuseri kwa msika ku Old Town. Munali buluzi wobiriwira wonyamula nkhwangwa, ndipo ine ndinkasankha iyeyo nthawi zonse chifukwa ankadumpha kuposa anzake. Patapita zaka zambiri ndinamva kuti gemuyo anaisandutsa katuni ya pa TV, ndipo ana a ku Area 13, kumene amakhala mlongo wanga, sadya isanathe. Ine sindinaionerepo. Katuni ikanandiuza chiyani za buluzi amene ndinakula naye?

Ndiye mlongo wangayo atanena kuti akukonzera mwana wake wotsiriza phwando la tsiku lobadwa, ndinadzipereka kuti ndidzavala ngati buluziyo (palibe amene anandipempha, chilungamo chake). A Saidi, telala wanga wa ku Old Town, anaona chithunzi pafoni, anandiyang'ana mimba, n'kusoka osafunsa kanthu. Zipi anaiika kumsana.

Loweruka la phwandolo chakumadzulo tinkayembekezera alendo ena. Tadala, mwana wamkulu wa mlongo wanga, anali atapeza mwamuna, ndipo akuchimuna ankabwera kudzafunsira mbeta. Bambo ake a Tadala anamwalira, malume wake ndine ndekha, choncho wolankhula ndinali ine. Mtsikanayo anali atandichonderera kuti ndisamuchititse manyazi, poti akwawo kwa mnyamatayo ndi anthu a mpingo, osakonda chibwana. Suti yanga inali m'galimoto, ndipo galimotoyo mkazi wanga anapita nayo ku City Centre kukatenga keke.

Nditatulukira pakhonde ndili m'chovala cha buluzicho, ana onse anandiyang'anitsitsa. Kenako kamtsikana kena kanandiloza n'kunena kuti, "Ndi wakuba uja." Opanga katuni anali atamusintha buluzi wanga. M'katunimo ndi mbala, ndipo gawo lililonse limatha akumuthidzimula. Anawo ankadziwa bwino kathedwe ka gawo. Ana a m'maeliya amaoneka ofewa, koma musawaderere.

Ndili gone pakapinga, wina atandikhalira pamsana, ena akukoka mchira, geti linatseguka. Analowa abambo atatu a masuti. Anali atalawirira poopa kusowa minibasi yobwerera ku Mitundu. Wamkulu wawo, a Banda, anaodira mwaulemu n'kufunsa za malume ake a Tadala. Ndikanatha kungokhala chete ngati buluzi weniweni, koma mlongo wanga anayankha ali pakhonde.

"Achimwene, dzukani, alendo anu afika."

Chimutu chinavuka bwinobwino. Zipi ndi imene inakana, ana anali ataipotoza. Akanati aidule ndi sizasi, m'kati ndinangovala kabudula, ndipo m'nyumba ya mayi wamasiye mulibe thalauza la mwamuna. Alendo a ukwati sawasiya okha pabalaza, ndipo mayi wa mwana sangawalankhule m'malo mwa malume. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi ndi dzanja la zikhadabo za siponji, n'kukhala kunsonga kwa mpando, mchira nditaufungatira pamiyendo. Ndinkamumva Tadala akulira kukhitchini, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

A Banda sanaseke ngakhale pang'ono. Anafotokoza chimene anadzera mwadongosolo lake, maso ali pankhope panga, osatsika. Ine ndinali nditakonzekera mafunso okhwima, ndiye ndinati ndiyambe ndi loyamba. Ndinafunsa ngati mnyamata wawoyo ndi munthu wokhwima maganizo, woti tingamupatse mwana wathu.

Apa mpamene maso awo anatsikira pamchira, n'kubwereranso.

"Pa msinkhu wake, bambo, akuyesetsa."

Mafunso enawo sindinafunse. Ndinavomera zonse, ngakhale tsiku la chinkhoswe limene ine sindinkalifuna.

Ukwati unachitika, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndine. Awiriwo akayambana amandiitana, ine n'kupita nditavala suti ndi tayi. Ndikangoti ndiyambe kulangiza, mkamwiniyo amawerama, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Tadala amamutsina kuti asiye, kenako nayenso amathawira kuchipinda atagwira pakamwa, ndipo mlandu umathera pomwepo. Abale amanditama kuti ndine nkhoswe yodziwa kumanga banja. Ine ndimangovomera, koma kunena zoona malangizo anga sanawamvepo mpaka kumapeto.