Makapu atatu a phala la Anti Nabanda

Pali wodi ina m'chipatala china muno mu Dublin imene manesi ake akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse moni. Alekeni aseke, ine nkhani yake ndimanyadira.

Ndinadikira zaka zitatu kuti andichite opaleshoni yochepetsa chifu. Thupi linali litandikwana. Kuntchito kwathu kosamalira okalamba ku Coolock ndinkafika pamwamba pa masitepe ndili wefuwefu, okalambawo atafika kale (wina anafuna kundibwereka ndodo yake, ndipo sankaseka). Tsiku litapezeka, adokotala anati popeza magazi anandiundanapo m'mwendo, ayambe andiika kasefa mumtsempha waukulu, koti kazigwira magazi oundana asanafike kumapapo. Popanda kasefako, opaleshoni panalibe. Kalata yawo inanena zinthu ziwiri: ndisadye kanthu m'mawa wa tsiku loika kasefako, ndipo ndibwere ndi munthu wodzanditenga pobwerera.

Ndinapempha Anti Nabanda a ku Tyrrelstown, mayi amene anandisunga m'nyumba mwawo nditangofika kuno. Ndinati, "Anti, mukhale gadiyani wanga." Ndinaiwala kuti kwathu gadiyani sapita kuchipatala chimanjamanja. Half seven m'mawa ndinawapeza pakhomo pa chipatala atanyamula beseni, zitenje ziwiri, bulangete ndi fulasiki yaikulu. Titangokhala pabenchi yodikirira, anaitsegula.

"Imwa phala, mwanawe."

"Anti, andiletsa kudya."

"Iwo akunena za mazira ndi masoseji awo. Ili ndi phala. Ukufuna ukakomokere pabedi la eni? Ndatenderamo nsinjiro zochokera ku Kasungu, zomaliza m'nyumba."

Abale, fungo lake! Ine chibadwire sindinakanepo chakudya, umboni wake unadzaza benchi yonse. Komanso mungawabwezere bwanji kapu mayi amene anakupatsani pogona mulibe kolowera? Ndinalandira ndi manja awiri. Anti atangowerama kuti akonze katundu wawo, ndinatsegula chikwama changa cha m'manja, phala lonse khuthu!

Ndinadziyesa wochenjera. Anti anayang'ana m'kapu nati, "Eya! Ndinadziwa ine kuti njala ilipo." Anathiranso. Foni yawo italira, kapu yachiwiri inatsatira inzake. Yachitatu ndinaikhuthula iwo atatsinzina akundipempherera (Mulungu andikhululukire, ameni ndinayankha nawo). Apa n'kuti chikwama chikundiotcha pamiyendo.

Kenaka nesi anatulukira ndi faelo yanga. Anaona kapu ili m'manja mwangamo, nkhope n'kusintha. Anafunsa ngati ndadya kanthu. Ndisanatsegule pakamwa, Anti anayankha m'Chingerezi chomveka bwino, monyadira: "Makapu atatu, sisitala, ndipo wamaliza onse."

Nesi anatseka faelo. Anati pepani, lero sizitheka, ndidikire tsiku lina, ndipo opaleshoni yaikulu ija nayonso iyenera kusunthidwa. Mtima unangoti phwii. Zaka zitatu!

"Sindinadye!" ndinakuwa.

"Iwe, usaname pamaso pa anthu," anatero Anti.

Panatsala njira imodzi yokha, ndipo inali yowachititsa manyazi Anti. Ndinaimirira, n'kuika chikwama pabenchi, zipi ng'aa! Phala linafika pakati. Foni yanga inali itamira, makiyi osaoneka, kadi ya basi ikuyandama pambali pa kalata yomwe ija yondiletsa kudya. Nesi anasuzumira, anayang'ana ine, kenaka anakaitana mnzake (ati kudzatsimikiza, koma mapewa awo ankagwedezeka).

"Ngakhale supuni imodzi?" anafunsa nesi woyamba uja.

"Ngakhale kunyambita chala."

Faelo inatsegulidwanso. Anandibaya jakisoni wa dzanzi pakhosi, n'kulowetsa kasefa kaja ine ndili maso, ndipo ola silinakwane. Ndili chigonere pabedi paja ndinkadzimva ngati ndakhoza mayeso. Ine amene ndinkanyambita m'poto anthu akagona, ndinafungatira phala lotendera, lotentha, m'mimba mukulira, osalawa ngakhale dontho. Sabata yotsatira opaleshoni yaikulu ija inatheka, ndipo lero masitepe a ku Coolock ndimakwera ndikuyimba.

Koma tsiku la phala lija, Anti anakwinya nkhope ulendo wonse wobwerera. Tikutsika takisi m'pamene anati, "Bwanji sunangondiuza?"

"Ndinakuuzanitu, Anti."

"Unanena ngati munthu wofuna kukakamizidwa."

Sindinatsutse, chifukwa mwina sananame. Kukana chakudya ndinaphunzira tsiku limenelo, ndipo aliyense wondipatsa mpata ndimamufotokozera. Kukana Anti ndiye sindinayambebe. Mwezi wamawa ndikupita kuti akachotse kasefa kaja, ndipo dzulo Anti anandiyimbira foni kuti ndisavutike kufunafuna munthu, atenga kale ofu kuntchito. Ndinakonza kukhosi, ndinapuma mpweya wambiri, n'kunena molimba mtima kuti, "Zikomo kwambiri, Anti."