Mtedza wa Apongozi Pabwalo la Basiketibo

Lolemba

Uthenga wafika: Loweruka kukubwera mkulu wa ligi kudzaona bwalo la timu yathu ya basiketibo. Akapeza tilibe, masewero onse tizikasewerera ku Katete. Kwa ife a ku Zemba, oyenda panjinga, kumeneko ndiye kutha kwa timu.

Mabwalo amene takhalapo kale:
- shedi ya thonje (ogula thonje anatipirikitsa)
- pasukulu (amayi a netibo, ndisanene zambiri)
- kuseri kwa tchalitchi (zenera la abusa, Mulungu atikhululukire)

Mapolo athu awiri, a malimu a njinga pamwamba, akuidziwa ngolo kuposa ng'ombe zoikoka. Ndatopa. Timanga bwalo lathulathu kuseri kwa nyumba yanga. Kochi ndine, ndalamula.

Lachiwiri

Talambula, tathira dothi la pachulu, tapondaponda. Mpira sukudumpha, ukungogona. Pafunika kuzira. Osewera akukana: "Akochi, kuzira n'kwa azimayi." Amuna aatali ngati bulugamu, kuopa matope!

Ndapempha mkazi wanga. Wavomera msangamsanga, osafunsa n'komwe. Ndinakwatira bwino ine.

Lachitatu

Mkazi wanga wabwera ndi azichemwali ake, azira tsiku lonse, akuimba, akusekerana. Dzuwa laumitsa. Pansi see, mpira ukudumpha ngati wa pa TV. Ndalemba mizere ndi phulusa, misozi ili m'maso. Ndikuganizira dzina la bwaloli. Dzina langa likumveka bwino ndithu.

Lachinayi

Mtedza!

Kuchokera polo iyi kufika polo iyo, mtedza wokumba kumene, wayanikidwa. Ndafunsa mkazi wanga. Ati, "Wazira ndani kodi?" Ndati bwaloli ndi la timu. Ati, "Ndiye kawauzeni amayi. Mtedzawo ndi wawo."

Ine pano ndine mkamwini. Malowa ndi a apongozi. Chikwatirireni sindinawayang'anepo m'maso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Ndiye ndikawauze kuti chotsani mtedza? Ndi pakamwa pati?

Lachisanu

Apongozi ayala mkeka pansi penipeni pa polo, ndodo m'manja, akuingitsa nkhuku. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe, kusuzumira ngati wakuba.

Ndatuma kapitawo wa timu. Wabwerako akutafuna.

Ndatuma wosewera wathu wamtali kwambiri. Amupatsa thumba, akutuntha mtedza wina kuchokera kumunda.

Ndatuma mkazi wanga ndi mawu aulemu, oyamba ndi zikomo, otha ndi zikomo. Yankho: "Ukauma tichotsa." Ndaswa umodzi. Uli ndi madzi ngati nkhaka. Mtima ukundiwawa.

Loweruka

Mkulu wa ligi wafika pa njinga yamoto. Ndikumulongosolera zonse ndili panjira, chifukwa pabwalo sindingaponde. Akudabwa: "Kochi woopa bwalo lake?" Ndamuuza kuti apongozi ali pomwepo. Wangogwedeza mutu. Nayenso ndi mkamwini kwa Mlolo.

Wapita yekha, wagwada, wapereka moni. Wayamikira kaziridwe. Mizere sanaione, ili pansi pa mtedza. Wachoka ndi kathumba ka mtedza kumbuyo kwa njinga, ndi mawu akuti pepani, bwalo palibe.

Lamulungu

Ku Katete n'kutali. Osewera ena ayamba kale kufunsa za mpira wamiyendo. Mapolo ndaazula usiku, ali pangolo, kopita sindikudziwa.

Masana ano apongozi atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo. Ati sanaonepo mkamwini woganizira anthu chonchi. Ati chaka chamawa ndikulitseko pang'ono, mpendadzuwa unasowa malo.

Ndayankha kuti ndamva.