Makutu anga ndi ulendo wa ku India

Pali zinthu zina ukazikumbukira uli wekha umaseka, kenaka n'kuyang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wakuona. Yanga ndi ya makutu. Panangotsala tsiku limodzi kuti mayi anga agulitse munda wawo wa tiyi kwa Mphuka chifukwa cha makutu angawa, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndimawasowa masiku amenewo. M'mawa nkhungu imakhala itakuta mizere ya tiyi, fungo la kufakitale likubwera ndi kamphepo, amayi akutsetsereka ndi madengu kumsana kudzayezetsa masamba. Koma amayi omwewo sankandipatsa mpata wopuma. Makutu anga, kuti mudziwe, sagona. Anaima chilili ngati zogwirira za poto, ndipo dzuwa likakhala kumbuyo kwanga amawala mofiirira.

"Akalaliki, tatembenukirani kuno pang'ono, foni yanga sikugwira netiweki," ankatero Mai Namakhwa, amene anali katswiri pothyola tiyi komanso pothyola mitima ya anthu. Mzere wonse unkafa ndi phwete. Inenso ndinkaseka nawo, poti ndinakula nazo.

Zinasintha pamene kusukulu ya pa esiteti kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Rumphi, Madamu Nyirenda. Tsiku lina anandipatsa moni pamsika, maso awo n'kuima pang'ono chakumbali kwa mutu wanga (mwina ankangoona nthochi zimene zinali kumbuyo kwanga, koma mtima wa munthu wogwa m'chikondi ndi chitsiru). Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza kuti chotchinga pakati pa ine ndi banja ndi makutu basi.

Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa ofesi, pomwe netiweki imagwira bwino, n'kuyamba kufufuza. Abale inu, kunja kuno kuli zinthu. Ndinapeza kuti alipo madokotala amene ntchito yawo ndi kugoneka makutu. Ndinaimbira chipatala china cholipira ku Blantyre. Mayi amene anayankha anati dokotala wa zimenezo amabwera mwa apo ndi apo, ndipo atatchula mtengo ndinakhala pansi pachulu pomwepo. Inali ndalama ya malipiro anga a pafupifupi chaka, osadya, osagula sopo.

"Nanga khutu limodzi ndi zingati?" ndinafunsa.

"Bambo, linalo mudzalisiya likuyang'ana kuti?" Ndinamva akuitana anzawo kuti adzamve nawo.

Ndinafunsa msuweni wanga ali ku Joni. Iye anati kumeneko madokotala otere ndi mbwee, koma mtengo ndi wa marandi, ndipo ukauika m'makwacha umatupa ngati mandasi. Kuwonjezera apo pasipoti, basi, ndi kugona pansi kwa iye milungu iwiri. Ku India kunandidabwitsa: opaleshoni yeniyeniyo inali yotsikirapo kuposa konseku, koma ndege yokha inkameza zonse zimene wapulumutsa, n'kupemphanso zina. Ndinatenga pepala n'kulemba bwinobwino ngati kalaliki weniweni: pamwamba "Opaleshoni", m'munsi Blantyre, Joni, India, ndi manambala ake. India ndinaizunguliza kawiri, poti ndinali ndisanakwerepo ndege.

Kenaka ndinayamba kudzimana. Nkhomaliro ndinasiya, nyama ndinaiwala, tiyi ndinkamwa wopanda shuga (munthu wokhala pakati pa minda ya tiyi kumamwa wowawa ngati chilango). Podikira kuti ndalama zikwane, ndinaganiza zowathandiza makutuwo ndekha. Ndinkawamanga ndi mphira wa tchubu cha njinga, pamwamba n'kuvala chipewa chaubweya chija timavala nthawi ya chiperoni. Koma umu munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Thukuta linkayenderera, mutu unkawawa, thalauza n'kuyamba kugwa. Chodabwitsa, amayi a pasikelo anasiya kundiseka. Ine ndinkati njira yanga yayamba kugwira ntchito.

Kumapeto kwa mwezi amayi anga anabwera kudzandiona, monga ankachitira. Atandiyang'ana anangoti, "Waonda." M'mawa ndili kuntchito anatenga zovala zanga kukachapa, ndipo m'thumba anapezamo pepala lija. Iwo sukulu sanapite patali, choncho anakaonetsa a Mulipa, kapitawo wathu, amene analinso mkulu wa mpingo.

Tsono inu a kwathu kuno mukudziwa. Munthu sapita ku India kukaona malo. Tikamva kuti uje amutumiza ku India, timayamba kuyankhula motsitsa mawu. Apa panali munthu woonda, wobisa mutu m'chipewa dzuwa lili pamutu, ndi pepala lolembedwa opaleshoni, India atazungulizidwa kawiri. Palibe anandifunsa. Wodwala matenda aakulu safunsidwa, amangozondedwa. Amayi anabwerera kwa Mphuka tsiku lomwelo osanena kanthu.

Lamulungu masana ndinamva nyimbo ikubwera chakumalayini, kunyumba za antchito. Ndinati kwagwa maliro, ndipo ndinatuluka kuti ndifunse kuti ndi kwa yani. Gulu lonse linakhotera pakhomo panga. Amayi a kutchalitchi, anzanga a kuofesi, a Mulipa ndi Baibulo m'khwapa, amayi anga pambuyo maso ali psuu. Wina shuga, wina nanazi, wina mbale ya kalongonda wophikaphika. Mai Namakhwa ananyamula nkhuku. Ndipo pakati pawo, ndi botolo la juwisi m'manja, panali Madamu Nyirenda.

Anandiyalira mphasa pakhonde, n'kundigoneka mokakamiza. Mai Namakhwa anandigwira dzanja akulira. "Akalaliki, mutikhululukire. Ife timangocheza, sitimadziwa kuti m'mutumo muli vuto."

Ndivomere tchimo langa: nditazindikira chimene chikuchitika, ndinaganiza zongokhala chete. Madamu anali atakhala pafupi, akundikupiza ndi kope. Ndinatsokomolako pang'ono, kamodzi kokha.

A Mulipa atatha pemphero lalitali anati, "Mwana wathu asade nkhawa ndi thiransipoti. Mayi ake apeza kale wogula munda wawo wa tiyi. Mawa m'mawa akukasainirana."

Munda umenewo ndi umene unandilipirira fizi. Amayi anaudzala okha, tchire ndi tchire, ndipo ankaudziwa ngati ana awo. Ndinadzuka pamphasa paja ngati ndalumidwa ndi linthumbu.

"Amayi, musagulitse! Sindikudwala ine!"

"Gona, mwanaka. Onse amatero."

Panalibenso njira ina. Ndinavula chipewa, n'kumasula mphira uja. Makutu aja, atamangidwa milungu isanu, anatumphuka n'kubwerera m'malo mwake ngati sipanachitike kanthu.

"Ndi awa," ndinatero. "Ndimafuna akawagoneke."

Nkhuku yokha ndi imene inayankhula. A Mulipa anatsegula Baibulo, n'kulitsekanso. Kenaka Mai Namakhwa anandisiya dzanja, napukuta misozi ndi chitenje.

"Ndiye kuti ine ndalira makutu?" Anatola nkhuku yawo. "Tiyeni, iyi ikaikire mazira kwathu."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindinakumveponso. Ena anagwa pansi, ena anatsamira khoma. Madamu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo pochoka anandiuza kuti, "Ine makutuwo sindinawaonepo vuto. Koma mwamuna wa chipewa chaubweya mu Okutobala, ameneyo ndiye ndinkamuopa." (Chaka chotsatira anakwatiwa ndi dalaivala wa thirakitala, wa timakutu ngati ta mbewa. Ndinavina nawo pa ukwatiwo, sindisunga mangawa.)

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Anthu atabalalika, amayi anakhalabe pamphasa paja, akusalaza pepala langa lija pabondo.

"Ndiye akanawadula?"

"Ayi amayi, kungowagoneka basi."

Anapinda pepala lija. "Bambo ako anamwalira iwe usanayambe kuyenda. Sanajambulitsepo chithunzi, ngakhale chimodzi. Nkhope yawo inayamba kundithawa kalekale. Ukuganiza kuti ndimabwera kuno mwezi ndi mwezi kudzachapa mathalauza ako? Ndimabwera kuti m'mawa ukamapita kusikelo ndikuone chakumbuyo. Ndi iwowo ndithu, mmene ankapitira kukathyola tiyi."

Zaka zonsezo ndinali ndisanafunsepo kuti makutuwa ndinawatenga kwa yani, ndinkangofunsa mtengo wowagonekera. Ndinachita manyazi oposa aja a pagulu.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasanduka munthu wanzeru, koma chimene ndinaphunzira chenicheni ndi kupisa m'matumba ndisanapereke thalauza kochapa. Zinazo ndinazimvetsa mochedwa, amayi atatisiya kale. Chimodzi chokha ndinachita bwino. M'mawa mwake ndinatuluka wopanda chipewa, amayi ataima pakhomo ndi tsache m'manja. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pokhotera, ndipo sindinacheuke.