Dzina langa pa wilibala

Anzanga, mumangondiitana kuti aWilibala, koma mukudziwa komwe dzinali linachokera? Khalani pansi, manyazi anatha kale.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 90 ndinali kalaliki wongoyesedwa pa kampani ina yogula fodya pa boma pa Lundazi. Anali atangolumikiza makompyuta onse ndi nthambo imodzi, ndipo kuchipinda chakumbuyo kunali makina aakulu osunga mayina athu tonse ndi zimene aliyense amaloledwa kutsegula. Mayi Zimba, katswiri wathu, anafotokoza zonsezi bwinobwino, koma ine mtima unali kwathu ku Mphamba komwe ng'ombe za eni zinkandidyera chimanga.

Tsiku lomaliza la kuyesedwa kwanga, bwana anati ndikawaonetse za alimi a ku Kapichila m'chipinda cha misonkhano, tsidya lina la bwalo. Ndikalephera, basi, kubwerera ku khasu. Ine ndinkaganiza kuti dzina langa ndi ntchito yanga zimakhala m'bokosi la kompyuta la patebulo panga ngati mtedza m'nkhokwe, ndiye munthu wanzeru akanatani? Ndinazula nthambo, n'kubwereka wilibala ya mabelo a fodya, n'kukwezapo chibokosicho ndi chigalasi chake chomwe.

Sindinkadziwa kuti nthambo ija ukaimasula pamalo amodzi, makompyuta onse aima. Ndili pakati pa bwalo, thukuta kamukamu, gudumu likulira kwii kwii, ndinangomva akalaliki akukuwa m'mawindo, alimi pamzere akundiyang'ana ngati mbava, kenako mlonda n'kundigwira malaya.

Mayi Zimba anabwezeretsa nthambo ija, n'kundikokera pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano, yomwe ndinali ndisanaikhudzepo.

"Lembani dzina lanu ndi mawu anu achinsinsi, aBanda."

Ndinalemba. Ndisanaphethire n'komwe, zanga zonse zinali poyera. Nditalemba Kapichila, mayina a alimi onse anatulukira pomwepo, popanda kufufuza bokosi ndi bokosi. Kunena zoona ndinagoma nawo makinawo: ankandidziwa paliponse pamene ndakhala, ine osawadziwa.

Bwana anapukuta misozi ya phwete. "Ntchito mwaipeza, aBanda. Koma mawa mubwele na dzina chabe, wilibala ni ya fodya."

Kuyambira tsikulo kompyuta sindiinyamula, ngakhale ofesi itapsa. Dzina limayenda lokha, ndinadzionera: Loweruka ndikutsika njinga ku Mphamba, apongozi anga anandilonjera kuti, "Mwafika, aWilibala?"